Buku la maulendo a ku Mozambique la 2013: tilidalire kapena tilisiye?

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba motere: "Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga kandalama kuti ana athu awiri akaone nyanja yamchere sukulu ikatsekera mu Ogasiti. Ku Mangochi tapitako kokwanira. Mwezi watha ndinagula buku lachingerezi la maulendo a ku Mozambique kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mphepete mwa msewu m'tauni. Ndi lonenepa ndithu, muli mapu, mitengo ya malo ogona, ngakhale nthawi yonyamukira mabasi. Koma patsamba lachiwiri alembapo 2013. Bambo akuti buku ndi buku, nyanja sinasamuke. Ine mtima ukukana. Tikufuna kupita pagalimoto yathu, ndipo malo amene atikopa ndi Pemba ndi zilumba za kumeneko. Kodi bukuli tilidalire?"

Mayi, ndalama yanu simunataye, ndipo bukulo musakolezere mbaula. Bambo akunena zoona kuti nyanja sinasamuke. Koma mtima wanu nawonso sukunama. Ine ndaperekeza magulu ambiri kutsidya kuja, a mpingo, a sukulu ndi mabanja ngati lanu, kudzera pa Muloza ndi pa Mwanza, ndipo buku lotere silisowa m'chikwama changa. Ndimalitenga ngati malume amene anayendako kalekale. Akakuuzani kuti mtsinje uli apa, phiri lili apo, amvereni. Akayamba kukuuzani mtengo wa basi, ingomwetulirani.

Poyamba dziwani kuti 2013 ija si chaka chimene wolembayo anayenda. Munthu amayenda miyezi, n'kubwerera kwawo kukalemba, akonzi n'kukonza, kenako makina n'kusindikiza. Zimene mukuwerengazo anaziona mwina chaka chathunthu bukulo lisanatuluke. Komanso dziko la Mozambique ndi lalitali, gombe lake ndi la makilomita pafupifupi 2,500. Palibe munthu mmodzi angagone pa bedi lililonse limene latchulidwamo. Malo ena amangosuzumira chipinda chimodzi masana, ena amangokopera zimene zinali m'buku la m'mbuyo.

Mukafuna kuona bwino zimenezi, bwererani kwa anyamata aja mukapemphe buku la mtundu womwewo lonena za Malawi, mutsegule pa Blantyre. Zimene anena za tchalitchi cha St Michael and All Angels, kuti chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, mupeza zili choncho mpaka lero. Mandala House ili pomwe anailozapo. Phiri la Ndirande ndi la Soche sanasinthane malo. Ndiye muwerenge mtengo wa minibasi yochoka ku Limbe kupita m'tauni, muone ngati simuseka. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mlendo wobwera ndi buku limenelo, atawerengera ndalama zake potsatira manambala amenewo, angagone ndi njala tsiku lachitatu. Buku lanu la Mozambique lilinso chimodzimodzi.

Ndiyambe ndi nkhani yolemera, chifukwa mwatchula Pemba. Mu 2013 chigawo cha Cabo Delgado chinali malo amene aliyense wolemba za maulendo ankawatama: Pemba, chilumba cha Ibo, zilumba za Quirimbas, mpaka kumtunda ku Mocímboa da Praia. Wolemba wanuyo sananame, kunalidi bata. Koma mu Okutobala 2017 zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia, ndipo kuyambira pamenepo chigawochi chili pa nkhondo. Mu Malichi 2021 zinalowa m'tauni ya Palma, chaka chomwecho asilikali a ku Rwanda ndi a mayiko a SADC anapita kukathandiza. Anthu miyandamiyanda anathawa m'midzi mwawo, ambiri n'kukadzaza mu Pemba momwemo. Ziwembuzi zafikaponso kummwera kwa chigawochi, monga ku Chiúre, kumene kukudutsa msewu wochoka ku Nampula kupita ku Pemba, womwe inu mungayendemo. Pamwamba pa izo, namondwe Kenneth anasakaza Ibo mu Epulo 2019, ndipo Chido anawomba dera la Pemba mu Disembala 2024. M'buku lanu mulibe chiganizo ngakhale chimodzi cha zonsezi. Ine pagalimoto, ndi ana awiri kumbuyo, ku Pemba sindingakulozereni. Masamba amenewo apindeni, muwasungire tsiku lina.

Apa ndi pamene buku lakale limaopsa. Likalakwitsa mtengo wa chipinda mumangodandaula. Koma pa chitetezo limangokhala chete, ndipo munthu amayesa kuti kukhala chete kwakeko ndiye kuti kuli mtendere. Za chitetezo ku Mozambique zimasintha msanga. Mu 2013 ndi 2014, kenanso mu 2016, magalimoto ankayenda mondondozana moperekezedwa ndi asilikali pakati pa mtsinje wa Save ndi Muxúnguè chifukwa cha mkangano wa boma ndi chipani chotsutsa cha Renamo. Mgwirizano wamtendere unasainidwa mu 2019. Kenako zisankho za mu Okutobala 2024 zitatha, zionetsero zinatseka misewu kwa masabata, ndipo ife kuno tinazimvera pa mizere ya mafuta. Palibe buku losindikizidwa lingathamange liwiro limeneli.

Misewu nayo ili ndi nkhani yake, ndipo si yonse yoipa. Nthawi zina buku lakale limakuopsezani ndi vuto limene linatha. Ndikukumbukira zaka zimene tinkaoloka Zambezi pa Caia ndi pantoni. Ukafika mochedwa, kapena pantoniyo ikafa, unkagona pa mzere, mathiraki kutsogolo ndi kumbuyo, udzudzu uli ng'wee, amayi akugulitsa nsomba zokazinga pa nyali ya koloboyi. Mu 2009 anatsegula mlatho wa Armando Guebuza, wautali kuposa makilomita awiri. Patapita zaka ndinakumana ndi bambo wina atanyamula mphasa ndi mabulangete chifukwa buku lake linamuuza kuti akonzekere kugona pa Caia. Anaoloka mphindi zochepa, mphasa ili pamwamba pa galimoto. Bambo yemweyo ankadabwa kuti bukulo likuti chipinda ndi 500,000 meticais, ndalama ya kumeneko. Sanadziwe kuti mu 2006 dzikolo linachotsa maziro atatu pa ndalama yake, 1,000 yakale n'kukhala 1 yatsopano. Lanu la 2013 izi likuzidziwa, koma silikudziwa za mlatho wachiwiri wa ku Tete, wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014. Likhozanso kukuopsezani kuti msewu wa Milange kupita ku Mocuba ndi wafumbi ndi matope, pomwe anauthira phula.

Mbali inayo iliponso. Msewu umene bukulo likuti ndi wosalala ukhoza kukhala utakumbika. Chigawo cha msewu waukulu wa EN1 pakati pa Inchope ndi Caia chandilizapo kangapo, maenje ake ena galimoto yaing'ono imalowa mpaka kukhudza pansi. Ndipo mvula imodzi ikhoza kusintha mapu onse: mu Januwale 2015, pamene ifenso tinali m'madzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, mtsinje wa Licungo unadula mlatho pa Mocuba, kumpoto kwa dzikolo n'kulekana ndi kummwera. Choncho makilomita a m'bukumo akhulupirireni, koma maola ayi. Likati maola anayi, inu werengerani asanu ndi limodzi, ndipo muzikhala mutafika dzuwa lisanalowe. Usiku musayende. M'misewu imeneyo muli njinga zopanda nyali, mbuzi, ndi mathiraki ofa opanda chizindikiro china koma nthambi za mitengo.

Ndiye nkhani zatsopano muzipeza kuti? Kwa madalaivala a mathiraki. Anthu amenewa amapita ku Beira ndi ku Nacala mwezi ndi mwezi kukatenga mafuta, fetereza ndi makontena. Ku Chirimba, ku Makata, ku Limbe, simungalephere kupeza mmodzi kudzera mwa m'bale kapena mnzanu wa kumpingo. Mufunseni kuti wabwera liti, anadzera njira iti, panali zotchinga zingati, mafuta anathira kuti. Amayi a geni amene amaoloka pa Muloza kukapikula katundu ku Milange nawonso amadziwa za pachipata kuposa buku lililonse. Safunsa anadya phula. Pa intaneti pali ndemanga za apaulendo, koma muziyang'ana deti. Ndemanga ya zaka zitatu zapitazo ndi buku lakale lomwelo, kungoti lili m'foni.

Malo ogona ndiwo amafa msanga kuposa china chilichonse m'bukumo. Eni ake amagulitsa, amasintha dzina, amatopa, kapena mphepo imawathandiza kutseka. Namondwe Idai atagunda Beira mu Malichi 2019, ndinapita ndi kagulu kena patatha miyezi ingapo, tili ndi chikhulupiriro pa kanyumba kena kogona alendo kamene buku langa linkakayamikira. Nambala ya foni sinkagwira, koma ndinati ndi netiweki chabe. Titafika madzulo tinapeza makoma okhaokha, denga kulibe, mbuzi zitagona pamene panali polandirira alendo. Mlonda wokalamba anangotiloza ndi mlomo kuti tiyesere kutsogolo. Kulakwa kunali kwanga. Kuyambira tsiku limenelo sindinyamuka ndisanamve mawu a munthu wamoyo wa pamalopo, ndipo ndimapempha anditumizire pa WhatsApp chithunzi cha chipinda chojambulidwa tsiku lomwelo. Namondwe Freddy uja amene anatigwetsera matope ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023, analowera pafupi ndi Quelimane asanafike kuno, ndipo mwezi wa m'mbuyo mwake anali atawomba kale dera la Vilankulo. Malo alionse a m'mbali mwa nyanja amene bukulo latchula, dziwani kuti adutsa m'mphepo zimene wolembayo sanazione.

Tsono pali chinthu china chimene anthu sachiganizira. Bukulo silinalembedwere inu. Wolembayo ankaona m'maso mwake mzungu wochoka ku London kapena ku Johannesburg, wotsika ndege ku Maputo, m'thumba muli madola. N'chifukwa chake masamba ambiri akamba za kummwera, ku Tofo ndi ku Inhambane, kumene kwa ife ndi kutali kwambiri, pomwe chigawo cha Zambézia chimene tagundizana nacho achipatsa masamba owerengeka. Mutu wonse wa ma visa sukukukhudzani: Mmalawi wokhala ndi pasipoti amalowa mu Mozambique popanda visa pa ulendo waufupi ngati wanuwu. Chimene chikukukhudzani ndi chakuti aliyense, ndi ana omwe, akhale ndi chiphaso chake choyendera, ndipo musachoke pa kauntala musanaone kuti akudindirani komanso akupatsani masiku angati. Kupyola masikuwo kuli ndi chindapusa chowerengera tsiku lililonse. Chikati "chotchipa" m'bukumo, ndi chotchipa kwa wa madola. Kwa ife a kwacha, muyambe mwatembenuza.

Koma kusalembedwera inu kuli ndi ubwino wake. Bukulo lichenjeza owerenga kuti popanda Chipwitikizi avutika. Inu muli ndi zida zimene mzungu uja alibe. Pa Zóbuè ndi madera ambiri a Tete, Chichewa chathu chomwechi chimayenda. Ku Milange mumva Chinyanja ndi Chilomwe. Ngati m'banja mwanu muli wa ku Nsanje, Chisena chake chikutengerani kuchoka ku Caia mpaka mumsika wa ku Beira. Nsima ilipo, amaitcha xima. Minibasi ndi chapa. Ku Quelimane anthu amayenda pa njinga zakabaza monga ku Lunzu. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo wotchi simusintha. Komabe patsamba la mawu a Chipwitikizi limene lili kumapeto kwa bukulo, pamenepo khalanipo. Silikalamba. Moni wa bom dia, funso la quanto custa, ndi kuwerenga manambala mpaka 1,000 zikupulumutsani kambiri. Apatseni ana aloweze, amagwira msanga kuposa ife.

Za galimoto bukulo lingakupatseni chithunzi chabe, ndipo chithunzicho ndi cha munthu wochokera ku South Africa. Inshulansi ya COMESA imene timayendera ku Zambia kapena ku Zimbabwe sigwira ku Mozambique, chifukwa dzikolo silili m'bungwelo. Mumagula yawo pachipata, n'kutenganso chilolezo cholowetsera galimoto kwakanthawi. Mukhale ndi bulubuku, laisensi, ma triangle awiri ndi chovala chonyezimira chija. Apolisi apamsewu kumeneko amafunsa zimenezi kawirikawiri, ndipo amakonda kuima polowera m'matauni pamene liwiro limatsika. Akakupezani ndi mlandu pemphani lisiti, mwaulemu, osakweza mawu. Koma mndandanda wonse wa mapepala musautenge kwa ine kapena m'buku. Pitani ku ofesi ya kazembe wa Mozambique kuno ku Blantyre, mufunsenso a Immigration, a MRA ndi apolisi za zofunika potulutsa galimoto m'dziko. Ngati galimotoyo ndi ya ngongole ya kubanki kapena ili m'dzina la munthu wina, funsani msanga, pamakhala kalata yofunika. Kubanki komweko funsani ngati khadi lanu ligwire kunja komanso malire ake, poti ndalama zakunja masiku ano ndi nkhani ina. Osintha ndalama a pachipata alipo, koma zala zawo n'zothamanga. Werengani nokha, kawiri, ndalama yanu musanaipereke.

Nanga chabwino m'bukumo n'chiyani? Chambiri. Mapu a matauni, mbiri, nyengo, zakudya, ndi kukuthandizani kusankha kopita. Likakuuzani kuti nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo anamondwe amabwera m'miyezi ya dzinja, likunena zoona, ndiye Ogasiti wanuyo mwasankha bwino. Likakuuzani za Ilha de Moçambique, werengani mofatsa. Kachilumba kameneka kanali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Pali linga la São Sebastião, ndipo kuseri kwake kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka 1522. UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1991. Mumafikako pa mlatho wopapatiza wopitirira makilomita atatu, nyanja uku ndi uku. Theka la chilumbachi ndi nyumba zamiyala, theka linalo ndi nyumba zofolera ndi masamba a kokonati kumene kumakhala anthu ambiri. Munthu ukaima pa linga lija n'kukumbukira kuti akapolo ndi minyanga yochokera kumtunda kuno zinkatulukira m'madoko a gombe limeneli, mbiri ya m'kalasi ija imasanduka ina. Zoterezi bukulo lifotokoza bwino kuposa foni.

Kwa ulendo woyamba, ine ndikanasankha pakati pa ziwiri. Yapafupi ndi Quelimane: kuchoka kuno kudzera ku Thyolo ndi ku Mulanje mpaka pa Muloza ndi makilomita pafupifupi 100, kenako pafupifupi 200 kukafika ku Mocuba, ndi ena pafupifupi 150 kutsikira ku Quelimane. Mukalawira m'mamawa, ndi ulendo wa tsiku limodzi. Koma werengani bwino, mzindawo suli panyanja penipeni, uli m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais. Gombe lake ndi Zalala, makilomita pafupifupi 30 kunja kwa tauni. Ndipo ndikuuziretu kuti ana asakakhumudwe: madzi a ku Zalala, ngati a ku Beira, ndi odera chifukwa cha matope a mitsinje. Si obiriwira aja a pachikuto cha buku. Gombelo ndi lalikulu, lathyathyathya, nsomba ndi camarão (ma prawns) zatsopano, ndipo nkhuku yawo yootcha ndi mkaka wa kokonati, galinha à zambeziana, ndi yoti munthu ukaidye kwawo komweko. Mukafuna madzi oyera oonekera pansi, ndiye Ilha ndi magombe oyandikana nayo, koma muwonjezere tsiku lina la ulendo kudzera ku Alto Molócuè ndi ku Nampula, ndipo mufunse za chitetezo cha chigawo cha Nampula sabata yomwe mukunyamukayo. Mukamva kuti kwavuta, sinthani ulendo popanda manyazi.

Chomaliza chimene bukulo silingakuuzeni, chifukwa wolembayo anakulira nacho ndipo sanaganize kuti pali munthu sachidziwa: nyanja yamchere imayenda. Ya ku Mangochi pomwe mwaisiya m'mawa mumaipeza pomwepo madzulo. Iyi imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, motsatira mwezi, ndipo m'dera la Beira kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita asanu ndi limodzi. Pa gombe lathyathyathya ngati Zalala madzi amathawa kutali kwambiri, n'kubwerera mwakachetechete koma mwaliwiro. Gulu lina la achinyamata a kwaya limene ndinapita nalo linayala zitenje pamchenga wouma, n'kuikapo nsapato, mafoni ndi poto wa mpunga, onse n'kuthamangira madzi kutali uko. Ndinawachenjeza, anati abambo mukuopa chiyani, madzi ali kutali chonchija. Pasanathe maola awiri tinkatola masilipasi akuyandama, poto atapendekeka, mpunga uli mchere wokhawokha. Tinaseka, poti panalibe wovulala. Koma galimoto yoimikidwa pamchenga wonyowa imamira motero, ndipo mwana wosewera pa kachulu ka mchenga amapezeka wazunguliridwa ndi madzi. Funsani asodzi kuti madzi abwera nthawi yanji ndiponso posambira pabwino ndi pati. Pali malo ena pamene madzi amakokera munthu kunyanja ngakhale pamwamba pakuoneka bata. Kudziwa kusambira ku Senga Bay si chiphaso cha kumeneko. Ana asalowe kupyola m'chiuno, ndipo wamkulu akhale nawo m'madzimo, osati pamthunzi.

Kuchipatala pitaniko musananyamuke, makamaka ngati wina ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku kapena ali woyembekezera. Kugombe kuli malungo chaka chonse, ndipo ana okulira ku Chilomoni kozizira kuno thupi lawo silinawazolowere. Tengani masikito anu, musadalire a kumalo ogona. Madzi akumwa akhale a m'botolo kapena owiritsa. Mwana akatentha thupi muli konko, kapena patatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, kamuyezetseni tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kumene munali.

Bukulo litengeni, pamodzi ndi pensulo. Musananyamuke khalani pansi ndi bambo, mudule mzere pa mtengo uliwonse, pa nambala ya foni iliyonse ndi pa nthawi ya basi iliyonse, m'mbali mwake muzilemba zimene mwamva kwa dalaivala uja ndi deti lake. Mukaoloka gulani simukhadi ya Vodacom kapena Movitel ku Milange, amafuna pasipoti polembetsa. Ndipo m'buti muikemo botolo lopanda kanthu la malita awiri. Agogo awo a anawo akadzamva kuti munafika kunyanja yamchere, chinthu choyamba adzafunse madziwo kuti alawe.